Anaseka Mnzake wa M'tenti

Spencer atasiya usilikali anakhazikika ku Kabwata n'kuyamba kulemba nkhani za mafilimu. Zoyamba zinali zachikondi ndipo sizinapite patali. Kenako Valerie, mayi amene ankajambula mafilimuwo, anamuuza kuti alembe zimene anaona kunja, kumene anatumizidwa kukasungitsa mtendere.

Analemba za Saul, mnzake amene ankagona naye tenti imodzi. Tsiku lina zigawenga zitawatchingira pamsewu, Saul, munthu wachibwibwi, anakwawira pansi pa lole n'kumaimba nyimbo ya kutchalitchi akunjenjemera, mpaka mfuti zinaleka. Spencer analemba zimenezi mtima ukuwawa, poti nayenso anali pansi pa lole lomwelo, nkhope ili m'fumbi.

"Apa anthu afunika kuseka, ba Spencer," anatero Valerie. "Filimu yonse ni malilo chabe."

Spencer anavomera. Anasintha dzina la Saul, koma chibwibwi ndi nyimbo ija anazisiya. Pansi pa lole anasiyapo munthu mmodzi yekha.

Filimuyo anaionetsa koyamba mu holo ina ku Longacres. Saul sanaitanidwe, anangomva pa wailesi. Anabwera atavala jekete, mkazi wake Eness ndi mwana wawo Tanya ali pambali, ndipo atamuona Spencer anamukumbatira pakhomo.

Msilikali wa m'filimu atayamba kukwawa, holo yonse inafa ndi phwete. Tanya nayenso ankaseka, mpaka pamene nyimbo inayamba. Anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake. Spencer, amene anakhala mzere wakumbuyo kwawo, anaona khosi la Saul litauma gwa.

Potuluka, Saul anamugwira chanza mwaulemu.

"Mwa-mwalemba bwino," anatero. "Ana anga si-sin'nawauzepo."

Spencer anatsegula pakamwa, koma anthu anamuunjirira ndi mafoni kuti ajambulitse naye. Pomwe ankamasuka, banja lija linali litapita.

Filimu inatchuka. M'maminibasi makondakitala ankayeserera chibwibwi chija poitana anthu, ndipo Valerie anayamba kukamba za gawo lachiwiri. Spencer anakana.

Loweruka lina anakwera basi ya ku Chelstone, kwa Saul. Eness anamulandira, namukhazika pampando, namuthirira tiyi.

"Ba Saul aliko, mulamu?"

"Ali kuseli, akonza khola la nkhuku," anatero Eness. "Ku kwaya analeka. Akaimilila, anyamata amayanganana."

"Ningakambe nawo?"

"Nawauza kuti mwabwela."

Kuseri kwa nyumba hamala inkamveka, n'kuleka, n'kuyambanso. Spencer anadikira mpaka tiyi anazizira m'kapu. Dzuwa litapendeka anaimirira n'kutsanzika, ndipo Eness anamuperekeza mpaka pageti.