Dzina la m'Buku la Galimoto

Telala anali ataluma mapini atatu, akuyeza kasitomala diresi, pamene foni inalira. Anali mlongo wake wamng'ono, amene aliyense ankamutchula kuti Manijala. Dzinalo anadzipatsa yekha. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zisanu, sanayang'anirepo ngakhale khola la nkhuku, koma jekete sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo.

"Achemwali, pali kavuto kakang'ono. Apolisi agwira galimoto dzulo, nkhani ya inshuwalansi basi. Mungobwera mudzandiperekeze."

"Ndikuperekeze? Miyendo ulibe?"

"Akufuna mboni. Mphindi khumi zokha."

Galimotoyo inali ya malemu bambo awo. Atamwalira zaka ziwiri zapitazo, Manijala anatola makiyi anthu asanabalalike pamaliro, n'kulengeza kuti bambo anasiyira iyeyo. Telala sanalimbane naye. Ankasenza yekha mipukutu ya nsalu kuchokera kusitolo, mlongo wakeyo n'kumamudutsa pamsewu, chigongono chili pawindo, n'kumuimbira hutala m'malo mwa moni.

Anatseka shopu n'kupita.

Kuseri kwa polisi kunali bwalo la magalimoto ogwidwa, ena matayala ataphwa, udzu utamera mpaka m'mabampala. Ya bambo inali kumapeto, mbalame zitayamba kale kuikongoletsa. Pakauntala panali wapolisi wamkazi wonenepa, amene atangoona Manijala anatulutsa kapepala kozungulira m'kabati n'kukaika patsogolo pa Telala.

"Aka ndi kamene kanamatidwa pagalasi. Tawerengani tsiku limene inshuwalansi ikutha."

Telala anawerenga. Pa 30 Febuluwale.

"Chiyambireni ntchito ndaona mapepala achinyengo ambiri," anatero wapolisiyo, "koma wowonjezera masiku pamwezi ndi woyamba uyu."

"Bwana, amene anandipangira ndi munthu wodalirika. Komanso akuluakulu anu ena timadziwana..."

"Akakuperekezeni kukhoti Lachinayi, mukayankhe limodzi za pepalali. Galimoto siituluka pano mpaka mwini wake abwere ndi inshuwalansi yeniyeni. Ndinakuuzani dzulo, mwini wake."

"Tamva, tamva," anatero Manijala mofulumira, akukokera Telala kukhomo.

Ali pamsewu anayamba kunena za mnzake wina wa kuseri kwa msika amene amapanga zinthuzi motchipa, osaima pamzere.

"Yemwe uja wa Febuluwale?" anafunsa Telala.

Manijala anangofulumiza mapazi mpaka kukafika.

Ofesi ya inshuwalansi inali pamwamba pa sitolo ya nsapato. Munali mipando isanu ya pulasitiki ndi fani imene inkangotembenuza mutu osatulutsa mphepo. Anadikira ola lathunthu. Manijala anakhala atapiringiza miyendo, foni ili kukhutu, akulamula anthu kuti katundu atsitsidwe msanga. Telala ankaona bwinobwino kuti foniyo ndi yozima. Anayang'ana kolala ya jekete ija, imene anaitembenuza yekha chaka chatha itaperepeseka, ndipo anadzifunsa kuti m'mimba imodzi mungatuluke bwanji anthu awiri osiyana chonchi.

Kalaliki anali bambo wowonda wa magalasi, wolankhula ngati mawu amawagula.

"Buku la galimoto ndi chiphaso cha mwini wake."

Manijala anatulutsa bukulo m'thumba la m'kati, n'kulipereka cham'mbali, thupi lake litatchinga Telala.

"Achemwali, inu mungopereka chiphaso chanu, musaine pamene akuuzeni. Za mboni zija."

Kalaliki anayang'ana buku, n'kuyang'ana chiphaso, kenako n'kusuzumira Manijala pamwamba pa magalasi.

"Kuno sitifuna mboni. Mayi, galimoto yanuyi mukufuna inshuwalansi yamtundu wanji?"

"Si yanga. Ndi ya uyu."

"Ya uyu?" Kalaliki anatembenuza bukulo n'kulikankhira kwa iye, chala chili pamzere. "Ili si dzina lanu?"

Linali dzina lake, lonse lathunthu, ndi chidindo cha boma pambali. Tsiku losinthira umwini linali la miyezi inayi bambo asanamwalire. Telala anakumbukira tsiku lina bambo, atayamba kale kudwala, anabwera kushopu kudzabwereka chiphaso chake n'kumusainitsa mafomu, akuti ndi za kuchipatala. Iye anasaina ali chiimire, kasitomala akudikira, osawerenga.

Zaka ziwiri akusenza nsalu, galimoto yake ikumuimbira hutala.

"Achemwali, ndimati ndikuuzani," anayamba Manijala. "Kungoti nthawi ija munali ndi chisoni, ndiye ndinaona kuti..."

"Chisoni cha zaka ziwiri?"

"Komanso inu simuyendetsa. Galimoto ikangokhala imawonongeka. Ine ndimakusungirani."

Telala sanakalipe. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato zosongoka mpaka kumutu, mmene amayang'anira nsalu imene kasitomala wanamizidwa kuti ndi yapamwamba. Ngakhale kuba kwake kunali kwaulesi. Munthu wakuba galimoto, koma osatha kuigulira pepala limodzi loona.

Kalaliki anatsokomola. Anafotokoza kuti ilipo inshuwalansi yolipira okhawo amene mwawagunda, ndipo ilipo ina yokonzetsanso galimoto yanu. Telala anasankha yoyambayo, ya miyezi itatu, n'kulipira ndi ndalama zimene anasungira ulusi ndi mazipi.

"Oyendetsa tilembe ndani?" anafunsa kalaliki. "Mutha kutchula mayina, kapena tilembe kuti aliyense amene ali ndi laisensi."

"Lembani ine," anatero Manijala, akusendeza mpando.

"Lembani mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga," anatero Telala. "Amayendetsa lole ya buledi. Dzina lake ndi ili."

"Basi?"

"Basi."

"Achemwali, ine ndi magazi anu!"

"Bambo, laisensi yanu ilipo?" anafunsa kalaliki, cholembera chili m'mwamba.

Manijala anasisita matumba onse a jekete, n'kunena kuti ili kokonzetsa. Kalaliki sanafunsenso. Anadinda pepala, n'kupereka kwa Telala ndi manja awiri.

Mlamu uja anafika kupolisi nthawi ya nkhomaliro, atavala yunifolomu ya kuntchito. Wapolisi wamkazi anayang'anitsitsa pepala latsopanolo, n'kuimba foni ku ofesi ya inshuwalansi kuti atsimikize, kenako anatulutsa makiyi. Manijala anatambasula dzanja mwachizolowezi. Wapolisi analilambalala ngati mphanda ya mtengo n'kuika makiyiwo m'manja mwa Telala.

"Mayi, muziwerenga zimene mukusaina. Ndipo inu bambo, kukhoti Lachinayi, eyiti koloko. Mubwere ndi kalendala."

M'galimoto munkanunkha mowa wogona ndi mafuta onunkhira otchipa. Mpando wakumbuyo unali utang'ambika, pansi pali mabotolo, makoko a nthochi ndi nsapato imodzi ya mkazi. Mlamu atatsegula kutsogolo n'kusolola kachitsulo koyezera oilo, anapukusa mutu.

"Alamu, injiniyi yakhala ikuyenda ndi mapemphero."

Anathamangira pa filing'i siteshoni kukagula oilo. Telala anapeza jumbo m'buti, n'kuyamba kutolera za mlongo wake: tchaja, tayi, magalasi adzuwa a diso limodzi, mulu wa makadi olembedwa kuti Manijala Wamkulu, ndi nsapato ya mkazi ija. Anamanga jumboyo n'kumupatsa.

Injini italira, Manijala anagwira chitseko chakumbuyo.

"Mundisiyeko pamphambano. Ndili ndi miting'i."

Telala anali atakhala kale kutsogolo, bukulo lili m'chikwama, chikwamacho atachikumbatira pamiyendo.

"Inshuwalansi yake ndi ya anthu amene tawagunda," anatero. "Ukafuna kupindula nayo, kaime pamsewu."

Mlamu anaseka mpaka galimoto inazima. Anailizanso, n'kutuluka pageti pang'onopang'ono. Manijala anatsala pabwalopo ndi jumbo yake, akufotokozera wapolisi wapageti kuti galimotoyo waibwereketsa dala kwa achibale, chifukwa yake yeniyeni ikubwera mwezi wamawa.