Mikuyu ya Kuseri kwa Manase

Ku Kaporo maliro saika kutali ndi nyumba. N'chifukwa chake Keziya, mkazi wa Manase, anagona kuseri kwa nthochi, pafupi ndi mtsinje, pomwe mizu ya mikuyu ikuluikulu inkagwira gombe.

Tsiku lobzala mitengo litayandikira, kunabwera Stanford, mlangizi wa zankhalango wa ku Dedza, atanyamula mbande za bulugamu ndi chingwe. Sanali munthu woipa ayi, koma chingwe chakecho ankachimvera kuposa munthu. Akuluakulu a chipani ankabwera kudzaona, ndiye mizere inayenera kuwongoka. Stanford atakoka chingwecho, chinakagunda pa mikuyu.

"Iyi ichoke," anatero.

"Bwana, makuni awa ndiyo yakukola dothi," anatero Manase, Chichewa chikumuvuta. "Maji ya Epulo simukuyadziwa imwe. Mama wa ana wali apo."

"Bambo, tidula yowerengeka, tibzala yambirimbiri. Mwataya chiyani?"

Chakufwa, tcheyamani wa nthambi ya chipani, yemwe ananyamula nawo bokosi la Keziya, anamuyandikira. "Tata, mukukana chitukuko?" anafunsa motsitsa, maso ali pansi.

Kumene ankapita okana chitukuko aliyense ankakudziwa. Popeza malo anali a Manase, nkhwangwa yoyamba anampatsa iyeyo, ndipo anatema mkuyu, mtima ukumuwawa. Tsikulo litakwana amayi anaimba, alendo anayamikira mizere, Manase naye anawomba m'manja.

Madzi anafika mu Epulo, dzuwa likuswa mtengo, mvula itagwa kumapiri. Manase anakhoma zikhomo, anaunjika makungwa a nthochi, anathira mchenga m'matumba. Mtsinje unkangolandira zonsezo. Gombe linkagumuka pang'onopang'ono, timbande tija tikugwera m'madzi mzere ndi mzere. Zitsa za mikuyu zitazuka, anansi anamugwira m'chiuno kuti asalowemo. Anaonerera mpaka manda anapita.

Stanford anabwera kudzapepesa, nalonjeza mbande zina chaka chamawa. Manase anati, "Ndaga," poti mlendo amathokozedwa basi.

Msewu utauma anafika Yunike, mwana wake wokwatiwa ku Hara. Monga mwa nthawi zonse anatula katundu pakhomo n'kulunjika kuseri kuti akayambe wagwada kwa mayi ake. Nthochi zinathera pa phompho.

"Tata, ndigwade pati?"

Manase anakweza dzanja kuti aloze. Linayendayenda pamwamba pa madzi, kenako analitsitsa.