Mbedza ya Nthenga za Nkhanga

Lachiwiri lija, kusikelo ku Kasakula, a zaumoyo anatembenuza khadi la mwana wanga Lidia n'kuloza ndi chala. Mzere wa kulemera kwake unali utagona miyezi itatu, ndipo tsopano unayamba kuweramira pansi.

"Mayi, phala lokha ayi. Mazira, nsinjiro, kansomba. Mwezi wamawa akapanda kukwera, tikutumizani ku Boma."

Mazira ake ati? Nkhuku zinatha ndi chitopa. Mtedza wotsala unali wambewu. Amuna anga a Dominiko anali ku esiteti ku Kasungu, ine ndili pachitengwa ndi apongozi aamuna okha, a Yeremiya. Apongozi aakazi, amene ndikanadzera mwa iwo, anatisiya chaka chatha. Ndiye inu mukudziwa, mtengwa salankhulana ndi apongozi ake maso ndi maso. Chakudya ndinkangosiya pakhonde, n'kuwomba m'manja, n'kuchoka.

Koma a Yeremiya ankapita kumtsinje m'mawa uliwonse ndi ndodo yowezera. Anabwera nayo kuchokera ku Nyika, kumene anagwira ntchito zaka zambiri yoperekeza alendo oweza nsomba zotchedwa tirauti. Ndodo yake yowonda ngati bango, yolumikiza patatu. Chodabwitsa n'chakuti ankabwerako chimanjamanja tsiku lililonse, koma akuimba mluzu. Munthu wolephera saimba mluzu. Ine zimenezi zinandisowetsa mtendere.

Lachitatu ndinabereka Lidia n'kuwatsata chapatali. Unali mwezi wa Okutobala, madzi ataphwa, oyera mbee moti timiyala tapansi tinkaoneka. Ndinabisala kuseri kwa mkuyu.

Nyongolotsi analibe. Pambedza anamangapo kanthenga ka nkhanga ndi ulusi, kooneka ngati kachiwala. Anayamba kupukusa chingwe m'mwamba, kutsogolo, kumbuyo, ngati mbusa wa ng'ombe ndi chikwapu. Kenako kanthenga kaja kanatera pamadzi mwakachetechete, n'kumayandama. Madzi anangoti phwa! Ndodo inapindika.

Inali sanjika, yotalika kuchokera pachigongono changa kufika padzanja. Ndinali nditaigawa kale mumtima: lero theka, mawa theka. Apongozi ananyowetsa manja, anachotsa mbedza, anaigwira nsombayo m'madzi ngati akusambitsa khanda, basi n'kuitaya. Inapita.

"Mayo!" Mawuwo anandipulumuka. Lidia naye anayamba kulira.

A Yeremiya sanatembenuke. Anatsokomola n'kulankhula ndi madzi.

"Inu nsomba, lero muli ndi alendo. Tawauzani asunthe pang'ono, chithunzithunzi chawo chikugwera padziwe. Madzi akayera chonchi inu mumaona zonse."

Ndinasuntha, manyazi atandigwira. Koma poti njira anali ataionetsa okha, ndinamasula Lidia n'kumukhazika pamwendo.

"Lidia, tawafunsa agogo ako. Ndiwo yogwira kale, amaibwezeranji?"

"Inu nsomba, muuzeni Lidia kuti nanenso ndinkafunsa choncho. Ku Nyika mlendo ankazizidwa tsiku lonse, akagwira, kujambula chithunzi, n'kubweza. Ine ndinkati misala ya anthu okhuta. Tsiku lina ndinangoona manja anga atengera misalayo." Anaseka. "Imene yapitayi ndaigwira kanayi. Ili ndi chipsera pamlomo. Timadziwana."

"Lidia, uwauze agogo kuti iwe sudziwana nayo."

Anasekanso, koma ine sindinaseke. Ndinapitiriza, maso ali pamutu pa mwana, ndipo ndinanena zonse: za khadi, za mzere woweramira pansi, za ku Boma.

Apongozi anatsitsa ndodo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti munthuyu sankadziwa kanthu. Akanamva kwa yani? Mdzukulu wawo ankangomuona ali kumsana, wokutidwa ndi chitenje.

Anatuluka m'madzi pang'onopang'ono. Anagoneka ndodo pamwala, n'kukakhala patsinde la mtengo chapatali, atandipatsa mbali.

"Inu nsomba, manja angawa anaiwala kupha, ndipo sindinama kuti aphunziranso lero. Koma ndodo ndaiiwala pamwalapo. Za padziwe lino mimba zatupa ndi mazira, zisiyidwe. Kumunsiko, pamene madzi akuchita thovu, kuli zina. Zimenezo sindidziwana nazo."

Ndinamangirira Lidia kumsana n'kutola ndodo. Inali yopepuka ngati phesi. Kuponya koyamba ndinakola bango. Kwachiwiri ndinakola duku langa lomwe, n'kulivula.

"Eee, nsomba inu, lero kwagwidwa yaikulu, yamaluwamaluwa!"

"Lidia, uwauze agogo kuti kuseka si kuphunzitsa."

"Dzanja liziima pakhutu. Kudikira chingwe chiwongoke kumbuyo, kenako kutsogolo. Si khasu limenelo. Ndipo achite changu, dzuwa likakwera madzi amafunda, nsomba zimatsikira pansi, sizidyanso."

Ndinaponya mwina makumi awiri. Phewa linayamba kuwawa. Kenako kanthenga kanatera bwino m'mphepete mwa thovu, ndipo chinthu chinakoka mwamphamvu. Ndinathamangira kugwira chingwe ndi manja, chinakhwepa, nsomba inapita.

Nditayang'ana mbedza ndinapeza chifukwa. Kamunga kaja kamene kamaletsa nsomba kupulumuka kanali kophwanyidwa dala.

"Lidia, tafunsa. Mbedza yopanda munga ndi ya ntchito yanji?"

"Ndi yoti nsomba isavulale poibweza. Zanga zonse n'zotero. Chingwe chikangokhala chokoka, sichoka. Ndodo m'mwamba, osaipatsa mpata."

Dzuwa linali litafika pamwamba pa mitengo ya tsidya lija. Ndinasunthira kumunsi pang'ono, ndinagwada kuti zisandione, ndinaponyanso. Kachitatu, phwa! Ulendo uno ndinaimika ndodo, n'kumabwerera chambuyo, chambuyo, Lidia akundikoka makutu, mpaka nsomba inagwera pamchenga. Mbedza inachoka yokha pomwepo. Ndinaigwera ndi maondo onse awiri.

Inali yocheperapo kuposa ya chipsera ija, koma mimba yake inali yosatupa. Ndinatola mwala. Apongozi anayang'ana kuphiri mpaka nditamaliza.

Atatero anadzuka, anatenga ndodo yawo pamene ndinaisiya n'kuyamba kuimasula. Ulendo uno sanalankhule ndi nsomba.

"Lidia, iwe mzimayi wamng'ono, uwauze amayi ako kuti mawa tilawirire, kusanafunde. Abwere ndi ulusi wakuda, azimanga okha nthenga, maso anga atopa. Imodzi patsiku, ya kuthovu."

"Lidia, uwauze kuti ziwiri."

"Imodzi. Mtsinjewu ndi waung'ono."

Ndinakulunga nsomba m'masamba a mkuyu. Sanjika ili ndi minga yambiri, ndiye njira yonse ndinkaganiza zoti ndiiwambe kaye iume, ndiisinje, ndisefe, kenako ndizithira m'phala supuni imodzi imodzi.