Uthenga Umene a Loko Sanayankhe

"Ine uthenga wabodza ndimaumva fungo ndisanautsegule," anatero a Loko akudziguguda pamtima. "Zaka khumi ndi zisanu, mbedza sinandikolepo. Wodzandikola ine sanabadwe, mayi akenso sanafunsiridwe."

A Loko anali mkulu woteteza makompyuta pakampani pathu. Dzinalo tinawapatsa ndife, chifukwa ngakhale kapu ya tiyi ankaikiyira m'kabati. Ine ndine wokoka mawaya. Sukulu ndinaithawa isanandithamangitse, koma wogwira ntchito pansi pa matebulo amamva zambiri kuposa wokhala pampando.

Mwezi uliwonse a Loko ankatumizira antchito onse imelo yonyenga, ngati ija amatumiza akuba. Ukangodina, m'mawa mwake umapeza nsomba yapepala itamatidwa pakompyuta pako. Ine ndili nazo zinayi, ndikudikira yachisanu kuti nditsegule msika.

Tsono sabata ina zinthu zinatembenuka. Eni kampani analemba ganyu akatswiri akunja kuti atiyese ifeyo, alonda a makompyuta, osanena tsiku kapena njira. Lachiwiri a Loko analandira imelo yochokera kwa munthu wosamudziwa: "Bambo mwana wanu ali muchipatla wadwalika, akukuitanani. Chonde imbani nambala iyi msanga."

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi. Anakwatiwa ndi mwamuna amene iwo anakana ngakhale kumuona nkhope, ndipo zaka zitatu zinadutsa osalankhulana. Nambala yake anaitseka monga amatsekera za akuba.

"Aganyu aja afufuza mpaka kubanja kwanga!" anaseka a Loko. "Ayesetsa ndithu."

Wachiwiri wawo tinkawatcha Mayi Kaye, chifukwa chilichonse ankayamba ndi "tiyeni tione kaye". Mapepala a sukulu anali nawo oposa a abwana, koma pamsonkhano ankalankhula ngati akupepesa kuti anabadwa.

"Mwina ndalakwitsa, bwana," anatero, "koma bwanji mungoimba kaye pa foni ina?"

"Kuimbako ndiye kumeza mbedzako, mayi. N'chifukwa chake mudzakalambira pa uchiwiri."

Lachitatu ndinawapeza a Loko m'chipinda cha maseva, makompyuta akuluakulu osunga zonse za kampani, chozizira ngati mtima wa landilodi. Ine ndinali kuseri ndi mawaya anga. Anaima, foni ili m'manja, akulemba nambala ija ndi kuifufuta, kuilembanso ndi kuifufuta. Atandiona sanandikalipire.

"Iwe Mawaya, uli ndi ana?"

"Atatu, bwana. Amene ndikuwadziwa."

Sanaseke. "Ukudziwa kuti ine maphunziro atsopanowa sindiwamva? Anyamatawa akamalankhula ndimangogwedeza mutu. Chimene ndatsala nacho n'chimodzi: sindinakodwepo. Ndikaimba, n'kuyankha mnyamata wa aganyu aja akuseka, nditsala ndi chiyani?"

"Nanga akayankha mwana wanu?"

Anayang'ana timagetsi tobiriwira ta pamaseva nthawi yaitali. "Sangandiitane ameneyo. Pa zimene ndinamuuza tsiku lija, ngakhale ine sindikanadziitana."

"Bwana, perekani kuno ndiimbe ndine. Nsomba yachisanu ndikuifuna kale."

Anatsala pang'ono kundipatsa. Dzanja linatambasuka ndithu. Kenaka wina anatsegula chitseko kufuna makiyi, foni inalowa m'thumba, chifuwa chinatukukanso.

Lachisanu kunali maphunziro a antchito onse m'chipinda chachikulu. Ine ndinalumikiza pulojekita. A Loko anaika uthenga uja pakhoma, zilembo zikuluzikulu ngati zikhatho, natenga kandodo kawo kolozera.

"Onani nyambo yophikidwa bwino. Choyamba, wotumiza sitimudziwa. Chachiwiri, akukuthamangitsa: msanga, msanga. Chachitatu, akukugwira pamtima kuti mutu usiye ntchito. Chachinayi, taonani kalembedwe! Muchipatla? Chipatala chimenechi a dokotala ake ndi a nkhuku?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, pakuti abwana akaponya nthabwala, kuseka ndi mbali ya ntchito. Mayi Kaye okha ndiwo anaweramitsa mutu. M'mawa umenewo anali atalandira lipoti la akatswiri aja, ndipo kawiri konse anayesa kuwaimitsa abwana pakhonde, koma anauzidwa kuti aone kaye.

Anakweza dzanja pang'onopang'ono. "Bwana, pepani. Mndandanda wa mauthenga amene anatumiza ndauwerenga katatu. Umenewo mulibe."

"Ndiye kuti ndi wa akuba enieni. Mbedza ndi mbedza, mayi."

Apo mlonda wa pageti anasuzumira pakhomo. Kumbuyo kwake kunali mwamuna wowonda, malaya okwinyika ngati wagona nawo pabenchi masiku angapo, atanyamula kachikwama kachizimayi. Anayang'ana pakhoma, nawerenga mawu aja milomo ikugwedera, kenaka anayang'ana a Loko ndi kandodo kawo.

"Apongozi," anatero motsitsa mawu, "ndinalemba ndine. Pepani zilembozo. Foni yanu sinkalowa. Mwana wanu anakudikirani mpaka dzulo, chitseko chikangotseguka ankafunsa ngati ndinu. Watisiya m'mawa uno."