Tsamba la Zaka Zosafika

Tsamba limene Shamima anapatsidwa linali la zaka zimene sizinafike. Anzake a m'gulu la olemba anatola zinthu zooneka ndi maso: wina chambo, wina mtsinje wa Shire, mnzake Nadia msika wa pa boma. Iye, poti anakhala kumbuyo osakweza dzanja pamene mitu inkagawidwa, anatsala ndi umene aliyense anaulambalala: "Zaka za m'ma 2040."

Gululo linkakumana m'chipinda cha makompyuta cha achinyamata, kuseri kwa depoti ya Mangochi. Ntchito yawo inali kulemba masamba a Chichewa a insaikulopediya ya pa intaneti, buku lija lopanda chikuto lomwe munthu amafufuzamo chilichonse. Wowatsogolera anali a Harold, aphunzitsi a ku sekondale amene ankabwera akaweruka, choko akadali m'zala. Iwo anamuuza Shamima kuti insaikulopediya si mneneri komanso si sing'anga. Asalembemo maloto. Alembe zokhazo zodziwika, ndipo asonyeze kumene wazitenga.

Shamima anali atangolemba mayeso a Folomu 4, akudikira zotsatira. Sanauzepo munthu, koma chipindacho ankachikonda kuposa malo ena onse, chifukwa m'menemo munthu ukhoza kukhala duu tsiku lonse anthu n'kumati uli pa ntchito. Kunyumba ukakhala chete amati wadwala, kapena pali kamnyamata. Tsiku loyamba, poona tsambalo lili mbee, analembapo kuti mu 2041 Shamima Dinala adzakhala namwino wamkulu. Anaziwerenga kawiri n'kufufuta Nadia asanatembenuke.

Kunyumba nkhaniyo inafika ngati pabwera wogawa minda. Mchimwene wake Swadick, amene amanyamula anthu pa njinga yamoto kuchokera pa boma kukwera phiri mpaka ku Chiponde, anati amulembere minibasi ziwiri mu 2042, imodzi yoyera. Amayi anati iwo safuna zambiri, alembemo ukwati wake basi, ngakhale kumapeto kwenikweni, mu Disembala wa 2049. Onse anaseka, Shamima akuyang'ana zala zake za kumiyendo.

Amene sanaseke ndi bambo ake, Che Dinala, ogulitsa usipa wouma amene amatumiza matumba ku Limbe pa lole. Iwo anamuuza kuti awerenge zimene walemba. Anawerenga pa foni ya Swadick, mawu ali pansipansi, kuti mu 2040 kudzachitika chisankho, mu 2044 Malawi adzakwanitsa zaka 80 za ufulu, mu 2048 kudzakhala kalembera wa anthu. Chiganizo chilichonse chikatha, Che Dinala ankapendeketsa mutu ngati munthu wodikira kuti mlendo amalize moni.

"Wameza mawu," iwo anatero.

Shamima anayang'ananso pa foni, osaona chimene wadumpha.

"Inshallah ali kuti? Ife Idi ya chaka chino sitiidziwa tsiku lake mpaka mwezi uoneke. Iwe ukugawa zinthu mu 2048 ngati chakacho uli nacho m'thumba?"

Sanakalipe. Anangonena kuti mwana wa m'nyumba mwawo sangalembe zamawa popanda kunena kuti Mulungu akalola, dziko lonse likuwerenga. Mawuwo alowe pa tsambalo, apo ayi asiye kupita ku makompyutako, azikathandiza amayi ake kusankha usipa.

M'mawa mwake Shamima anaika Inshallah pa mapeto a chiganizo chilichonse. A Harold atafika pa kompyuta yake anawerenga mokweza, monga ankachitira ndi aliyense, ndipo pofika pa kalembera wa anthu chipinda chonse chinali chitagwa ndi phwete. Ngakhale Nadia, amene saphonya mapemphero a swala, anabisa nkhope mu mpango. A Harold anafotokoza mofatsa kuti iwonso ndi munthu wopemphera, mkulu wa mpingo ndithu, koma bukuli limawerengedwa ndi anthu a zikhulupiriro zonse, ndipo malamulo ake salola mawu a pemphero mkati mwa nkhani. Akawasiya, olemba ena akutali adzawachotsa dzuwa lisanalowe. Anawachotsa okha, mmodzimmodzi, akupepesa.

Masiku otsatira Shamima anachita zimene anthu amanyazi amachita. Bambo ake akafunsa, ankati akukonza. A Harold akafunsa, ankati akukonza. Sanali kunama kwenikweni, chifukwa ankakhaladi pa kompyutapo, kuika mawuwo n'kuwachotsa, kuika n'kuwachotsa. Anayesa kuwalemba m'zilembo zing'onozing'ono pansi penipeni. Anachita manyazi, poona kuti akuyesa kupusitsa anthu awiri amene sanamulakwire.

Pochotsachotsa pamenepo m'pamene anayamba kuona kanthu. Mawu a bambo ake ankafunika pokhapo pamene panali ka "dza": kudzachitika, adzakwanitsa, kudzakhala. Anayesa kulemba chiganizo chimodzi popanda kameneko. Chinatuluka chachitali, chokhotakhota, koma chinaima. Anayesa chachiwiri. Analibe mtima woonetsa aliyense, choncho anazisunga pambali, tsamba lenilenilo n'kulisiya mmene linalili.

Lachisanu masana, anthu atatuluka ku mzikiti, pa khomo la chipindacho panaima mkanjo woyera. Che Dinala anavula nsapato, ngakhale kuti wina aliyense analowa nazo, n'kupereka moni kwa ana onse ngati ndi akuluakulu. Shamima analakalaka atalowa pansi pa tebulo.

A Harold anawapatsa mpando wawo. Anayamba bwino, kufunsana za kunyumba ndi za kutentha kwa chaka chino, kenako anafika pa nkhani. A Harold anati iwo amalemba zotsimikizika zokhazokha. Che Dinala anapempha kuti awaonetse chimodzi chotsimikizika. A Harold analoza chisankho cha 2040. Che Dinala anafunsa ngati aphunzitsi anali kunja kwa dziko chaka chija anthu anavota n'kudzavotanso. A Harold anaseka, nati chabwino, nanga zaka 80 za ufulu, zimenezo ndiye palibe khoti lingazisinthe.

"Ngati dziko lidzakhalepo, aphunzitsi."

"Aa, Che Dinala, tikatero ndiye sitilemba kanthu."

"Lembani. Ine ndangopempha liwu limodzi. Simulipira msonkho."

Anakokanakokana choncho mwaulemu, wina akuti pepani, wina akuti ayi pepani ndinu, koma palibe amene ankasuntha. Ana ena anasiya kutaipa. Potsiriza Che Dinala anaimirira, nati palibe mlandu, buku ndi la eni ake, koma mwana ndi wawo. Anamuuza Shamima kuti atenge chikwama atsanzike.

Shamima anaimirira, chikwama anachigwira ndithu. Anayang'ana kiyibodi, chifukwa nkhope za anthu sakanatha, ndipo mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sitandade wani.

"Baba, lole ya ku Limbe ija."

Che Dinala anadabwa. Anafunsa kuti lole yatani.

"Ndikanena kuti lole idzapita Lachiwiri, ndalowerera za Mulungu. Koma ndikanena kuti Baba apangana ndi mwini lole za Lachiwiri, ndanena zimene zachitika kale. Munapangana dzulo, ine ndikumva."

Shamima anatsegula zimene anasunga pambali zija n'kuwerenga, chala chili pa galasi la kompyuta. Malinga ndi lamulo la dziko lino, chisankho chimachitika zaka zisanu zilizonse, ndipo 2040 ndi 2045 zili pa ndondomeko imeneyi. Chaka cha 2044 ndi cha 80 kuwerenga kuchokera mu 1964, pamene Malawi analandira ufulu. Kalembera wa anthu amakonzedwa pa zaka khumi zilizonse, ndipo 2048 ikugwera pa mzere umenewu.

Che Dinala anakhalanso pansi. Anatulutsa magalasi m'thumba la mkanjo, nayamba kusaka okha ndi chala, mzere ndi mzere, ngati akusankha mchenga mu usipa. Anamuuza kuti abwereze cha 2044. Anabwereza. Anafunsa a Harold ngati malamulo a bukulo akulola kalembedwe kameneka. A Harold anati akulola, ndipo kunena zoona n'kolondola kuposa koyamba kuja, kungoti Chichewa chake chikuyenda ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza.

"Chiziyenda choncho," anatero Che Dinala. "Wothamanga ndi ndowa amafika ndi theka."

Anapeza ka "dza" kamodzi kotsalira m'chiganizo choyamba penipeni, pamene panalembedwa kuti zaka za m'ma 2040 zidzayamba pa 1 Januwale 2040. Anakaloza mokondwa, ngati agwira mbewa m'nkhokwe. A Harold anati pamenepo pokha awakhululukire, kalendala ndi kalendala. Che Dinala anakana. Shamima anaganiza pang'ono, nalemba kuti pa kalendala, zaka zimenezi zimayambira pa 1 Januwale 2040. Akuluakulu awiriwo anawerenga pamodzi, mitu itagundana, aliyense akuoneka ngati wapambana ndi iyeyo.

Povala nsapato pa khomo, Che Dinala anafunsa kuti gululi limaweruka nthawi yanji, chifukwa mtsikana sayenera kuyenda dzuwa litalowa. A Harold anati isanakwane faifi amakhala atatseka. Che Dinala anagwedeza mutu, natembenukira kwa mwana wawo, amene anali chiimire ndi chikwama m'manja.

"Nanga chikwamacho wanyamuliranji? Khala pansi umalize. Ndipo za ukwati wako zija, amayi ako ukawauze wekha kuti palibe amene wapangana ndi mwini lole."