Khadi la Gemu ya Bambo

Chidwalireni sitiroko, bambo ake a namwino wina sanagwirenso chiwongolero cha lole. Chimene chinkawatonthoza chinali gemu yoyendetsa malole pa kompyuta yakale ya pabalaza. Koma kompyutayo inali itatopa. Lole ikafika pakona zithunzi zinkauma, pomamasuka lole ili kale m'ngalande.

"Zaka zonse pamsewu sindinagwetsepo galimoto," ankadandaula bambowo. "Lero andigwetse ndi bokosi?"

Mlamu wake wa namwinoyo, yemwe pabanja ankamutcha Injiniya ngakhale ankagulitsa matayala, anati vuto ndi khadi lojambula zithunzi, lagwa mphwayi. Loweruka anaperekezana ndi namwinoyo kushopu ya makompyuta.

Wogulitsa anayala makhadi atatu pakauntala. Lotchipa, anati, chaka chamawa lidzakhala lotha ntchito. Lodula namwino sanafune n'kuliyang'ana komwe. Lapakati ndilo linabutsa mkangano. Injiniya akuti memore yachepa, wogulitsa akuti chachikulu ndi liwiro, onse akuponyerana manambala pamwamba pa mutu wa namwino ngati iye ndi mpando.

"Alamu," anatero namwino zitamufika pakhosi, "ine ndafunsa chinthu chimodzi. Lole izikhota kapena ayi?"

"Izikhota, mayi," anayankha wogulitsa.

"Kulungani lapakatilo."

Kunyumba khadi linakana kulowa. Linali lalitali, mchira wake ukugunda chitsulo cha kutsogolo kwa bokosi la kompyuta. Injiniya anakanda mutu, nati zimachitika, kenako anafunsa ngati m'nyumbamo muli sowo. Namwino anamulanda sikuludiraiva n'kuimbira wogulitsa uja. Iye anati katundu wotsegula sabwezedwa, koma bokosi lalikulu lilipo, mtengo wake wachibale.

"Nanga osanena muja bwanji?"

"Simunafunse, mayi."

Namwino anadula foni. Kushopuko analumbira kuti sapondakonso. Anamasula zam'kati zonse za kompyuta n'kuziyala patebulo lodyera, mawaya ali mbwee ngati matumbo a nkhuku. Anabaya khadi pamalo pake, nayatsa. Mafani a khadilo anazungulira.

Bambo anakoka mpando, naika dzanja lofooka ndi sitiroko lija pa chiwongolero chapulasitiki cha gemuyo. Anayendetsa, lilime lili panja pang'ono, mpaka anaimika lole pamalo otsitsira katundu.

"Koma likuwomba mphepo ilo," anatero. "Ndipatseni juzi."

Mayi ake a namwino anatulukira kuchokera kukhitchini mbale zili m'manja, naima n'kuyang'ana tebulo.

"Tsono tidyera pati?"

Namwino anali atagwada pansi, akusakasaka kasukulu komangira kompyuta kamene kanagubudukira kunsi kwa kabati.