Zimbale za Consolata Padenga

Ku Nyimba aliyense ankamudziwa Consolata ngati mayi wa vitumbuwa wa pasiteshoni ya mabasi. Amuna ake okha, a Mukela, mphunzitsi wopuma amene boma linawataya kuno kuchokera ku Mongu, ndiwo ankadziwa kuti pakhosi pa mayiyu panali uchi. Ali mtsikana, m'zaka za m'ma 1960, ankaimba m'mahotela a ku Lusaka tinyimbo tofatsa tachikondi, tija munthu amavina osatuluka thukuta. Anajambulitsa zimbale zitatu. Wailesi sinazilabadire, anthu sanazigule, iye anabwerera kwawo n'kutseka pakamwa.

A Mukela ankasunga zimbalezo m'katoni kuseri kwa sofa. Loweruka ankazipukuta n'kuziika pagalamafoni yawo yakale.

"Mvelani apa, amake Tisunge, mwamene mukokela mau. Ndani wina angacite tele?"

"Zimyani, akulu inu," ankatero mkaziyo, "anthu azatiseka."

Consolata anamwalira mu Okutobala, dzuwa la ku Nyimba likuswa mtengo. M'chisoni chonsecho a Mukela anagwiritsa chinthu chimodzi: pochokera kumanda adzaimba zimbalezo pamaso pa khamu lonse, anthu adziwe amene amuika m'dothi.

Koma maliro ali ndi mwambo wake. Katundu amatuluka m'nyumba kuti amayi olira apeze pokhala. Alamu awo a Josiah, mlongo wake wa malemu, munthu wachangu choposa nzeru, anatsogolera amuna kutulutsa sofa, tebulo ndi kabati. Katoni ija anaikweza padenga lamalata la khola la nkhuku, ati ana angaigwire. A Mukela anali atawakhazika kuchipinda, abale atawazinga. Anaikumbukira katoniyo kangapo, koma wofedwa safunsa za katundu mtembo uli m'nyumba. Angamuyese wouma mtima.

Atabwerako kumanda ndi pamene a Mukela anafunsa za katoniyo. A Josiah anaitsitsa ikutentha ngati yochokera pamoto. Zimbale ziwiri zinali zitamatirirana, ndipo pozilekanitsa zinathyoka. Chachitatu chinapindika ngati tsamba louma la fodya.

A Mukela akanalekera pomwepo, mkulu wosaukayu. Koma anthu anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango, kudikira chodabwitsa chimene anawalonjeza. Anaika chimbale chopindikacho pagalamafoni.

Singano inakwera, inatsika, inakweranso. Mawu amene anatuluka sanali a Consolata. Anali kulira kokoka, kogwedera, ngati mbuzi yomangidwa panjinga. Amayi anabisa pakamwa m'zitenje. Kumbuyo wina analephera kudzigwira, anaphulika nako kuseka.

A Mukela anazimitsa. Chisoni cha kumanda chinali chopepuka poyerekeza ndi ichi. Kumanda anasiya thupi lokalamba, koma apa ndi pamene mkazi wawo anawafera.

A Josiah anawagwira paphewa, mokoma mtima ndithu.

"Musadandaule, alamu. Ngati ndiye mwamene anali kuimbila, alongo anga anacita bwino kusankha vitumbuwa."

"Sanali kuimba tele," anatero a Mukela. "Mvelani, inali kupita so..."

Anatsegula pakamwa kuti aimbe okha mmene nyimboyo inkamvekera. Panangotuluka kamphepo kosasa. Anayesanso, koma anthu anali atatembenuka kale, akusamba m'manja kuti adye.